Kiyi ndapita naye

Bambo a mapasa,

Ndathamangira kuchipatala. Ndinalowa kuchipinda kwa ana anuwa kukafuna mbale zanga, ndiye ndaponda foloko yomwe inabisala pansi pa mulu wa zovala zakuda. Phazi latupa ngati dzungu.

Zonse zomwe zinali mbwee pansi ndatsekera m'kabati, ndi nsapato zawo za mpira zomwe. Ndikudziwa kuti mawa akusewera. Akalira, alire, palibe mwana anafapo ndi tsache. Asese, ayale mabedi, atsuke mbale zachita chukuzo, kenako tikambirana za kiyi.

Pepani, chakudya sindinaphike, mudzionere nokha. Koma inu musayerekeze kuwasesera. Kasesedwe kanu ndimakadziwa, mumangokankhira zinyalala kunsi kwa bedi, ndipo ndikafika ndiyambira kusuzumira komweko.

Ndine mayi awo