Batire Linaphulika, Maso a Yobu Anatsala

Amayi, kodi mukupeza bwanji kumene muliko?

Ndine Esinati, mwana wanu wachisamba. Kuno ku Kabudula tilipo. Mtedza wa kumunda wanu wa kuchulu unachita bwino chaka chino, koma chimanga chinapserera ndi ng'amba ya mu Febuluwale. Tidya ndithu, musadandaule.

Nkhani yaikulu ndi ya mlongo wanga Yobu, chitsiriza wanu uja. Manja ake sanasinthe. Paja munkati, "Uyu ukamusiyira wailesi, upeza zidutswa m'lichero."

Mvula itatha, pampu ya kalabu yathu yothirira mbewu inatsetserekera m'damu, pakuya pamene palibe angamire. Yobu anati apanga kangalawa koyenda pansi pa madzi kuti kakaifunefune. Anatenga paipi yaikulu ya pulasitiki, naikamo batire la njinga yamoto, kamota, tochi ndi foni yakale yojambula. Kukamwa kwa paipiyo anatseka ndi chivindikiro ndi mphira, kumanga zolimba kuti dontho lamadzi lisalowe. Anthu ankaseka, nanenso ndinaseka nawo.

Chimene sankadziwa n'chakuti batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo umayaka. Iye analitchaja pa sola lili chitsekere m'paipimo, dzuwa likuswa mtengo. Mpweya unadzaza, kusowa potulukira. Atawerama kuti alumikize waya wa mota, moto unathetheka, ndipo chinaphulika ngati mfuti. Chivindikiro chinamutema pachipumi, asidi n'kumuthovukira m'maso.

Ine ndinali kuseri kwa nyumba, ndikuswa mtedza. Ndinamupeza akugubuduzika pansi akukuwa, "Achemwali, sindikuona! Maso anga!"

Mkazi wake Nachisale, mlamu wanga amene munangomuona ali pachibwenzi, ndiye anatipulumutsa. Anali ndi pakati, koma anakoka ndowa yamadzi, kumugwira mutu mwamuna wake n'kuyamba kumuthira m'maso. Anandikalipira ine mlamu wake wamkulu, "Alamu, musalire, tungani madzi ena!" Ndinathamanga kumjigo kukatunga. Kenako tinamukweza pa kabaza kupita naye kuchipatala. Adokotala anati madzi amenewo ndiwo anathandiza, koma anamumanga maso onse awiri, nati tidikire.

Masiku odikirawo anali aatali, Amayi. Ndinkamudyetsa phala ngati khanda. Tsiku lina ali chigonere anayamba kuseka yekha. Ndinaopa kuti mutu wasokonezeka. Iye anati, "Mukukumbuka chigubu cha thobwa chimene chinaphulika pa chinkhoswe chanu? Amayi anati chiyani?" Ndinakumbuka. Munati, "Chamoyo sachitsekera pakamwa, chimafuna kupuma." Tinaseka m'chipatalamo mpaka misozi inanyowetsa nsalu za m'maso mwake.

Atamumasula, diso lamanja linaona bwinobwino. Lamanzere likuona ngati muli nkhungu, ndipo mwina likhala choncho. Ife tikuthokoza Mulungu.

Ndinkayesa kuti waleka, koma mwana wanu mukumudziwa. Anapanga kangalawa kena. Tsopano batire amalitchajira pabwalo, chivindikiro chili chotsekula. Kuchokera m'chipinda cha batire anatulutsa kapaipi katali kofika pa botolo loyandama pamwamba pa madzi, kuti mpweya uzituluka, usamakankhe chivindikiro kuchokera m'kati. Kangalawako kanamira, kanayenda, kanabwerera kouma m'kati. Pa foni tinangoona matope ndi kansomba kamodzi kodabwa. Pampu ija anaivuula abambo a m'kalabu ndi mbedza, madzi ataphwera mu Okutobala. Yobu akuti kangalawa kake ndiko kanawalozera malo. Timangomuvomera.

Sabata yatha Nachisale anachira, mwana wamkazi. Yobu anamunyamula, kumuyandikiza ku diso labwino lija, n'kumuyang'anitsitsa. Kenako anati, "Mphuno iyi ndi ya Amayi, eti?" Ndi yanudi, yotambalala ija imene inkatukumuka mukakwiya. Amutcha dzina lanu, Elube.

Zikomo potisiyira mitima yotha kuseka pamavuto. Mwanayu akayamba kuyenda, ndidzabwera naye pamanda panu pamene tikulambula, ndimuuze kuti agogo ake agona apa. Yobu ndimuyang'anira, ngakhale samva.

Ndimakukondani, Amayi. Gonani bwino.

Ine mwana wanu,
Esinati