Wosainira Jeff

Chifunda, Chama

Atate aang'ono,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ndola pamodzi ndi amayi aang'ono. Kuno chimanga chacha, njovu zatisiyirako pang'ono.

Jeff, mwana wa akulu anu, uja munalengeza pamaliro a atate kuti manje ndi wanu, ali m'manja mwa apolisi ku boma. Masikauti oteteza nyama zakutchire anamugwira ndi msampha wa waya kumunda. Sanamenye munthu, sanakole ngakhale gwape.

Mayi woona za ana anatifotokozera bwino. Popeza Jeff ali ndi zaka 17 ndipo aka n'koyamba, mlandu ungathere kunja kwa khoti. Azisesa kuchipatala miyezi itatu, sukulu osasiya. Chofunika ndi wamkulu wosaina kuti azimuyang'anira.

Amayi athu anapatsidwa bolopeni, anaibweza ndi manja awiri. "Mwana ndi wa kuchimuna," anatero. "Ndisaine ine ngati ndani? Atate ake aang'ono adzakwiya." Ndinati, "Amayi, munthu wosayankha foni akwiya nthawi yanji?" Sanandimvere. Mnzake wa Jeff amene anagwidwa naye, atate ake anasaina tsiku lomwelo. Dzulo ndamuona ndi tsache, akuimba mluzu.

Pa 28 fayilo ipita kukhoti. Njira ya kuno mumaidziwa, simunasochere pobwera kudzatenga njinga ndi malata a atate. Ngati kubwera kukulemerani, imbani foni muuze amayi asaine. Angofuna mawu anu basi.

Mmene ndinamupezera Jeff kupolisi Lamlungu sindinawauze amayi, ndipo pano sindilemba.

Ndine mwana wa malemu akulu anu,
Vainess