Ndime ya M'mbali mwa Msewu

Lachinayi, mwezi wa Malichi. Lero manyazi anigwira, ngakhale kudya sininadye.

Anabwera a ku yunivesite aja, mphunzitsi wao Ba Zulu na ophunzira ake, kudzaona ndime yoyesera imene ananipatsa mu Novembala. Pangano linali limodzi: chimanga na nandolo, manyowa okha, osathira feteleza. Koma ndimeyo ili m'mbali mwa msewu wa ku Kanakantapa, pomwe apita aliyense. Mu Januwale masamba atachita chikasu, ninamva azimai mu minibasi akuti, "Amake Dalitso ulimi wawakanika." Ine kukanika? Mawa lake ninathiramo feteleza wotsala wa m'munda mwanga, chitini chathunthu. Sininauze munthu, ngakhale amuna anga.

Lero alimi anadzaza pandimepo. Ophunzira anapima chimanga, nalemba m'mabuku mwao. Ba Zulu anakweza mau: "Onani mphamvu ya manyowa! Amai awa atiphunzitsa tonse." Anthu anaomba m'manja, ine n'kumamwetulira ngati chitsiru.

Pobalalika, Amake Tisa, mai wamasiye wa ana asanu, ananigwira dzanja. "Anzanga, mwanitsegula m'maso. Chaka cha mawa feteleza sinigula, nichita monga imwe."

Ninati, "Mulungu akuthandizeni." Dzina la Mulungu, pakamwa panga pomwepa!

Nambala ya Ba Zulu nili nayo. Kawiri natulutsa foni, kawiri naibweza m'chitenje. Mawa m'mawa Amake Tisa abwera kuti niwaonetse mmene ninachitira. Niwaonetsa chiani, dzenje la manyowa kapena chitini chija?