Mchombo wa Tikambenji ndi dothi la ku Chelstone

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko, nakonso kukuzizira ngati kuno? Ndine Esinati, mwana wanu wolongolola uja. Dzinja lachiwiri ladutsa chikuikireni m'manda, ndiye nkhani zaunjikana.

Yoyamba ndi yokoma. Mkazi wa Yohane, mdzukulu wanu, wachira, mwana wamkazi. Tamutcha Tikambenji, dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwecho, ndipo akalira Kabwata yense, komboni tinkakhala ija, ankadziwa. Chimanga cha kuseri chinabereka, koma mpiru nkhuku za eni zinamaliza.

Yachiwiri ndiyo inandisowetsa mtendere. Yohane am'patsa nyumba kuntchito, ku Chelstone, njira yopita kwathu ku Chipata. Nyumba yabwino, ya malata, mpopi pakhomo. Koma bwalo lake, amayi! Mathirakitala anapala dothi lonse lapamwamba, kwatsala kofiira kolimba ngati njerwa, popanda mtengo, popanda ndi nyerere yomwe. Tsono mchombo wa mwana unagwa, ine ndinaumanga pakansalu. Ku Kabwata sindikanaukwirira, nyumba ndi ya khonsolo, mulowa ena. Pabwalo lakufa lija ndinakananso. Yohane akuti, "Amai, ivo ni vakumunzi, tayani chabe mu toileti." Ndinamuyang'ana mpaka anayamba kukanda m'mutu.

Masiku omwewo wailesi inalengeza kuti azungu a ku Amereka aponda pamwezi. Inde, mwezi womwe uja munkawerengera mimba za anthu! Ba Tembo, aphunzitsi oyandikana nafe, anatifotokozera tikuothera dzuwa. Akuti kumeneko kulibe mpweya, munthu amasenza wake kumsana ngati mtolo wa nkhuni. Madzi kulibe, mtambo kulibe. Dzuwa likawala miyala imatentha kuposa chiwaya, likalowa kuzizira kwake kosaneneka, chifukwa mwezi ulibe chofunda. Dziko lathuli linafunda mpweya ngati bulangete, ndiponso linakhala pabwino ndi dzuwa, monga munthu wodziwa kuotha mbaula: ukasendera wapsa, ukatalikira wauma. Nchifukwa chake kuno madzi amakhala madzi, osaphwa, osaundana. Ine ndinati, "Aphunzitsi, anavutikiranji kukwera kumwamba? Akanangobwera ku Chelstone, mwezi tili nawo." Anthu anaseka. Yohane sanaseke, ndipo ndinamumvera chisoni, poti nyumbayo waivutikira mwana uja.

Mawa lake ndikusenda mtedza ndinakumbukira chaka chija tinasamukira ku Katete, ndili kamtsikana. Musanazike mtengo ndi umodzi womwe munakumba kadzenje kofika m'chigongono, nkumafufuza ndi zala. Munkati, "Za malo usafunse anthu, funsa nyongolotsi." Ikapezeka, ndiye kuti pali chinyezi, dothi likupuma, chakudya chilipo, mwana akula. Zomwe ankanena ba Tembo zija, inu munazidziwa kale opanda wailesi.

Lolemba ndinakwera basi ya ku Chelstone ndekha, kakhasu m'chitenje. Ndinakumba kutsogolo kwa nyumba: gwa! Kumbali khasu linalira ngati belu la kutchalitchi. Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira nkufuula, "Ambuya, mufuna golide?" Ine ndinangopitiriza kukumba. Mtima unali utayamba kugwa, ndikuganiza kuti kansalu kaja ndidzafa nako m'thumba. Ndiye ndinazungulira kuseri, pamene mpopi umadontha, ndipo panali timaudzu titatu. Ndinakumba pomwepo. Dothi lakuda pang'ono, lonunkhira mvula. Ndinalowetsa zala monga munkachitira, ndipo nayo, amayi, nyongolotsi imodzi, yowonda ngati ulusi, ikudzipinda m'dzanja langa. Ndinakhala pansi nkulira, mayi uja nkuthamanga poyesa kuti chandiluma chinkhanira.

Tinasamuka Loweruka. Mchombo ndaukwirira pomwepo, pamodzi ndi nthanga zitatu za maungu anu aja ndinasunga m'chitini. Yohane ndiye anagwira khasu. Dzulo amafuna kuitana wokonza mpopi, ine ndinamuuza kuti akangougwira ndibwerera ku Kabwata wapansi.

Ndikulonjezani, amayi, tsiku lililonse ndizithirapo madzi otsukira mbale ndi zitosi za nkhuku, mpaka nyongolotsi ija ipeze anzake. Tikambenji akadzamera mano, ndiwo yake yoyamba idzakhala nkhwani za pamchombo pake, ndipo ndidzamuuza mwini wake wa mbewuzo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati