Timitengo Toyera ta Maness

Ongar, Dublin
Okutobala 2010

Mlongo wanga Lily,

Landira moni wochokera kutali kuno. Uli bwanji, pamodzi ndi alamu a Dominiko ndi ana? Bondo lija likukulola kupita kudimba? Ine thupi lili bwino, kungoti mphepo ya kuno imalowa m'mafupa osaodira. Akundilembera kalatayi ndi a Mwango, mayi a ku Zambia amene timapemphera nawo, ndipo ndawapempha kuti asawongole mawu anga.

Amene anandiuza koyamba za chomera chimene chandivuta ndi mwana wanga Maness, sabata imene anandiitanitsa kuno titaika mayi ake. Anati maphunziro ake onse a zaka zinayi agona pa kachitsamba komera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene nthaka imauma gwa ndi chisanu. Masamba ake ndi ataliatali, owawasa ngati chidede. Dzina lake ndi la Chilatini ngati Misa yakale, lilime langa silingalikwanitse.

Anati ophunzira akukangana ngati chomeracho chili mtundu umodzi kapena ingapo. Kunja zimafanana, koma ukadula nsonga ya muzu n'kuyang'ana pa makina, mkati muli tiulusi towerengeka: china 40, china 80, china 120. Ntchito yake inali kupeza kuti cha tiulusi tingati chimamera kuti, kaya ku Alaska, ku Canada kapena ku Siberia. Ndinafunsa ngati n'zodya. Anaseka, akuti bambo inu chilichonse chobiriwira ndi ndiwo.

Kuno chuma chagwa, Lily. Nyumba zatsopano zangoima zopanda mazenera. Kusukulu kwawo anatseka nyumba yamagalasi yosungiramo mbewu, wothirira n'kumuchotsa ntchito. Maness anatuta timiphika sikisite n'kutindandalika kuseri kwa nyumba, kalikonse kali ndi kamtengo koyera kapulasitiki.

Ukundidziwa iwe, zaka makumi anayi ndikuwokera fodya. Mbande zikathinana pa nazale ndimamva ngati ndathinana ndine. Zomerazo zinali zitachita chikasu, mizu ikutulukira kunsi kwa mphika. Ndinamuuza kuti zikulira malo. Anati musazikhudze bambo. Ine ndinayesa ndi muja ana amanenera kuti musanyamule ndowa, mutopa. Miyezi iwiri ndinali nditangokhala pa sofa, kudya thukuta la mwana wamkazi, manja akuyabwa.

Atapita ku msonkhano ku Galway masiku atatu, ndinabwereka fosholo kwa aneba. Ndinaunda mizere itatu yowongoka, manyowa pansi, n'kuwokera zonse monga tichitira kwathu, zazitali kumbuyo, zazifupi kutsogolo. Timitengo tija ndinayesa n'tochirikizira mbande. Timizeremizere takuda tinali pamenepo ndinationa, koma ine zolemba zinandiuzapo chiyani? Ndinatiponya m'bini, Lachitatu galimoto ya zinyalala inanyamula.

Atabwera Lachinayi sindinamulole n'kuvula jekete komwe, ndinamukokera kuseri kuti aone ntchito ya mlimi weniweni. Anayang'ana mizere yonse itatu. Kenaka anafunsa kuti timitengo mwatiika kuti. Nditamuuza anakhala pansi pamatope pomwepo.

Ndinati angowerenganso tiulusito, si zonse zili moyo? Anati kuwerenga angawerenge, koma muzu sunena kwawo. Kamtengo kalikonse n'kamene kankanena kuti uyu ndi wa kwakuti. Amene anakatola mbewuzo anayenda chilimwe katatu, ndipo ulendo wotero panopa palibe angautumenso. Thandizo lake la sukulu likutha mu Disembala.

Ndinadikira kuti anditukwane, Lily, mwina ndikanapepukidwa. Anangoti zikomo bambo, mwagwira ntchito.

Tsono pempho langa ndi ili. Kumudzi mumva kuti Maness sanamalize. A Hosea ndi pakamwa pawo paja ayamba kale kuti sukulu yamukanika, kapena wasochera ndi za Chizungu. Uwauze iweyo ndisanafike, kutchalitchi ndi kuchitsime komwe, kuti mwanayo analima bwinobwino, wazula ndi bambo ake. Ndikadzafotokoza ndekha adzaseka, adzayesa ndi nthano zanga zija za pamaliro zochotsera anthu tulo.

M'mawa wa Lachisanu lija ndinamupeza Maness pawindo la kukhitchini akuyang'ana mizere ija. Mvula inali itagwa, zomera zonse zadzuka, zobiriwira kuposa kale, palibe ngakhale chimodzi chofota. Anandiikira tiyi atagwada, pepala la ndege lili pambali pa kapu. Anati tikiti wasintha, ndinyamuka Lolemba, ndikapeze mvula yoyamba poti manja angawa akufuna munda.

Utume mwana wako Ethel adzandichingamire ku eyapoti, koma abwere yekha. Undiperekere moni kwa onse a pakhomo, ndipo Ambuye akusunge mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wako,
Enos