Fupa la Nkhuku ya Nowa

Amayi anga, kaya kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Lusiya. Kuno ku Bwanje tilipo, ndipo kutentha ndi komwe kuja munakusiya. Mpunga wachita bwino ku sikimu ya mthirira chaka chino, kupatula ndime yakumunsi ija madzi amafikako mochedwa; imeneyo yatipatsa mankhusu okhaokha. Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, wachira ku chipatala cha Sharpevale mwezi wathawu. Ndi mwana wamkazi, ndipo chipumi ndi chanu chenicheni, moti akakwinya nkhope tonse timakhala chete ngati tapalamula. Mng'ono wanga Agnesi akadali ku Mlangeni kwa amuna ake. Anatitumizira thumba la kachewere pamodzi ndi madandaulo ake a kuzizira, monga mwa masiku onse. Tagwirizana kuti tikamaliza kupuntha mpunga timange chiliza pamanda panu.

Koma sikuti ndatenga cholembera chifukwa cha mpunga. Ndalakwa, amayi, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Mukukumbukira fupa lanu lija? Lalitali ngati mkono wanga, lolemera ngati mwala, lomwe munkalikulunga m'kansalu koyera pansi pa bokosi lachitsulo. Tikafunsa munkati, “Ndi mwendo wa nkhuku ya Nowa, yomwe inachedwa kulowa m'chingalawa.” Ife kuseka. Mvula yoyamba ikagwa munkalitulutsa, n'kulipukuta, n'kukhala nalo pamiyendo pakhonde osayankhula ndi munthu. Ife tinkati ndi zaukalamba, ngakhale munali musanakalambe n'komwe. Tsiku lina ndinalitenga kuti ndikhomere msomali wa khasu. Munali musanandimenyepo chiyambire, koma tsiku limenelo munandimenya, kenako munalira ndinu. Munangoti, “Iwe Lusiya, manja ako amathamanga kusiya mutu m'mbuyo.”

Manja omwewo athamanganso. Titagawana katundu wanu, fupalo palibe analifuna. Mdzukulu wanu Tadala, yemwe munamusiya akulemba mayeso a folomu folo, tsopano ali ku yunivesite, akuphunzira za miyala ndi zamoyo zakale. Atabwera ku holide analiona pawindo pomwe ndinkatsekera nalo katani kuti isauluke. Analitembenuza, kulitembenuzanso, n'kundipempha. Ine ndinati tenga, likungondidzazira malo. Kansalu koyera kaja ndinapukutira mbale.

Patapita milungu itatu anandiimbira foni. “Amayi, mukudziwa chomwe agogo ankasunga? Ndi mbalamedi! Aphunzitsi anga aimirira pampando ataliona.” Akuti ndi fupa la mwendo wa mbalame yaikulu yomwe inatha padziko kalekale, anthu asanayambe kulima, ndipo linakhala m'dothi mpaka linasanduka mwala. Nkhuku ya Nowa simunaiphonye kwenikweni, amayi.

Vuto lawo ndi lakuti sakudziwa kuti mbalameyo aiike m'banja liti. Tadala anandifotokozera kuti mbalame nazo amazigawa m'mabanja monga ife ndi mafuko athu, ndipo zomwe zinatha amaziweruza ndi mafupa okha. Kumapeto kwa fupa lanu kuli timitu pomwe zala zinkalumikizana. Tiwiri n'tabwinobwino, kachitatu n'kakang'ono. Ngati kanabadwa kakang'ono choncho, ndiye kuti mbalameyo inkataya chala chimodzi, inali ya kuchimuna kapena kuchikazi kwa nthiwatiwa, yothamanga pamtunda. Koma ngati kanangoperepeseka m'dothi, ndiye kuti ndi ya mbalame za miyendo italiitali zoyenda m'madambo. Akuti ngakhale akatswiri akunja akhala akusamutsa banja lina la mbalame zoterezi, lero uku, mawa uko, ngati mkamwini wosowa pomanga. Ndinaseka, ndinati anthu ophunzira ali ndi nthawi yotaya.

Kenako anafika pomwe ankafuna. Fupa limodzi silikwanira. Akufuna malo enieni pomwe linapezeka, kuti aone dothi lake, akumbe, mwina apeze mafupa ena. Akapeza, mbalameyo idzakhala ndi banja ndi dzina, ndipo ntchito ya Tadala yomalizira sukulu idzakhala imeneyo. “Amayi, mwayi wotere subwera kawiri. Funsani agogo aakulu, sangalephere kudziwa.”

Ndinapalasa njinga kupita kwa achemwali anu, amayi aakulu, a Feliya. Maso awo tsopano akuona mbuu, koma makutu ndi lilime zikadali zakuthwa. Ndinawapeza akusankha mpunga m'lichero ndi zala zokha. Nditangotchula fupa, zala zinaima.

“Walipereka kwa yani?”

Ndinawauza.

“Kalanga ine! Mwana iwe, unafunsa yani? Khala pansi apa.”

Amayi, munandibisiranji? Zaka zonsezi ine ndimayenda ndi mutu m'mwamba kuti ndine mwana wanu wachisamba. A Feliya andiuza kuti ine ndisanabadwe munachira mwana wamwamuna mvula yoyamba itangogwa, koma anabadwa osalira. Anali mtayo. Andiuza momwe mwambo unayendera: amuna sanapiteko, abambo sanamuone n'komwe, panalibe bokosi, panalibe nyimbo, panalibe dzina. Azimayi anayi okha anamunyamula m'kansalu kupita naye m'mbali mwa khwawa la kuseri kwa munda wakale. Anakumba kadzenje kosazama, poopa kuti akazamitsa mimba yanu itsekeka. Inu anakusiyani m'nyumba n'kukuuzani kuti musalire, mtayo salira.

“Ndinkakumba ndine,” anatero a Feliya. “Khasu linagunda chinthu, ngwee! Ndinachizula, n'kuona ndi fupa lamwala. Anzanga anati litaye. Ine toto. Ndinalibisa m'chitenje. Mng'ono wanga anali atagona choyang'ana kukhoma, mabere akutuluka mkaka, manja alibe chogwira. Ndinamuika fupalo m'manja, ndinati ichi chachoka pomwe tamugoneka. Analikumbatira mpaka mvula inatha.”

Ndiye kuti mvula yoyamba ija munkakhala pakhonde, sikunali kukalamba. Ine ndinakhomera nalo msomali. Ine ndinatsekera nalo katani. Ndikaganiza zimenezi ndimakukwiyirani pang'ono, amayi, chifukwa mukanandinong'oneza ngakhale tsiku limodzi. Ndinabereka ana atatu muli pambali panga. Sindinali mwana woti simungamuuze.

A Feliya ananditengera pamalopo atagwira phewa langa. Anawerenga mapazi kuchokera pa mtengo wa mtondo, n'kuima. Palibe chizindikiro chilichonse, ndi udzu basi. Khwawa lakula, latsala mikono iwiri kuti lifike. Ndinabwerera mawa lake ndekha ndi wilibala, ndinaunjika miyala m'mbali mwa gombe, ndinabzalanso udzu wa vetiva. Anthu odutsa ankati Lusiya wayamba kuteteza munda womwe salima.

Tsopano Tadala. Ndinamuimbira, ndinamuuza zonse. Anati, “Pepani, amayi. Koma aphunzitsi anga ndi anthu aulemu, akhoza kukumba pambali, osakhudza pamenepo.” Ndinamufunsa kuti pambali ndi pati, poti ngakhale a Feliya akuyeza ndi mapazi a munthu wosaona. Timafupa ta khanda n'tating'ono ngati ta nkhunda. Akatipeza m'sefa mwawo, adzatiika m'banja liti? Anayamba kulira. Anati popanda malo, fupalo adzangolilemba kuti banja lake silikudziwika, n'kuliika m'kabati, ndipo iye ayambirenso ntchito ina pomwe anzake ali kutsogolo. Anati, “Agogo akanandilola. Ankafuna ndiphunzire.” Mwina akunena zoona. Ndinu munkamuperekeza kusukulu madzi akadzaza mumsewu, mutamubereka kumsana ali wamkulu kale. N'chifukwa chake ndikulemba, poti ndikanakonda mundiyankhe nokha.

Koma simuyankha, ndiye ndayankha ine. Ndamukaniza. Ndamuuza kuti ajambule fupalo, aliyeze mbali zonse momwe angafunire, akatha alibweze kuno. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi asanandiimbire. Ndikaimba ine, amayankha mwaulemu ngati akuyankhula ndi mlendo. Zikundipweteka, amayi. Ndikuopa kuti ndatchinga njira ya mwana wamoyo chifukwa cha mwana yemwe sanapume n'kamodzi komwe. Usiku ndi usana ndimazitembenuza, koma ndikafika pa khasu kulowa m'dothi lija, mtima umakana.

Palinso china. Mmisiri wa chiliza anabwera Lachiwiri kudzafunsa mawu oti alembe pamwala. Yohane anali atalemba kale papepala: dzina lanu, ndi kuti munabereka ana atatu. Ndinatenga pepalalo n'kukonza. Yohane anandiyang'ana ngati ndapenga. Nditamufotokozera anavula chipewa, koma anati, “Achemwali, mtayo sawerengedwa. Anthu adzafunsa kuti wachinayi ndani, tidzayankha chiyani?” Ndinati tidzayankha kuti ndi achimwene athu. Anangopita kukaona mwana wake, ndipo ndinamuona pawindo atamunyamula nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Sindikudziwa ngati mwambo ndauphwanya kapena ayi. A Feliya akuti m'masiku awo sizikanatheka, koma akutinso masiku awo anatha, ndipo iwo atopa kusunga nkhaniyi okha. Mbalame ija ikhala yopanda banja, mwina mpaka wina adzapeze inzake kwina. Yadikira zaka zosawerengeka, idikirabe. Koma mwana wanu wadikira mokwanira.

Kansalu koyera kaja ndakachapa, ngakhale banga la mafuta lakana kuchoka. Fupa likabwera ndidzalikulungamo, ndipo mvula yoyamba ikagwa ndidzakhala nalo pakhonde. Ndikulonjezanso kuti Tadala sindimutaya. Mpunga ukangolowa m'nyumba ndikwera basi ndi thumba lake la mpunga watsopano, ndikakhale pakhomo pa hositelo mpaka atandiyang'ana kumaso.

Ngati muli naye kumeneko, amayi, mumuuze kuti pamwala padzalembedwa ana anayi.

Ndine wokukondani masiku onse,
mwana wanu wachiwiri,
Lusiya