Ndinafuna Ndekha

Lolemba, 2 Okutobala
Mulungu ndi wamkulu, wamkulu ndithu! Dilrabo wachira! Mwana wamwamuna, tsitsi bii, mphuno ya malemu achimwene anga yeniyeni. Amake Dilrabo kulibenso, ndiye mayi ndi ine zakhali wake. Chikuta chonse ndikakhala naye ku Chust komwe anakwatiwa.

Kufakitale yosoka ndawauza abwana kuti ndasiya. Iwo akuti, "Mavluda, dikirani Lachisanu." Ndidikire chiyani? Mastura, mnzanga wa makina oyandikana, amvekere, "Iwe, thandizo la boma la osowa ntchito lija, usalitaye." Ndati ndikalitenga, silithawa.

Lachisanu, 6 Okutobala
Mastura waimba foni. Mzere wathu wonse wa makina auchotsa ntchito, iyenso. Ndayamba kumupepesa. Iye kuseka. "Dzipepese wekha, agogo atsopano."

Lolemba, 9 Okutobala
Ku ofesi ya zantchito kwathu ku Namangan. Kuima mpaka miyendo kutupa. Mtsikana wa pazenera: "Mayi, anakuchotsani kapena munasiya nokha?" Ine chifuwa patsogolo: "Kundichotsa ine? Zaka zonsezi sindinachedwepo. Ndinafuna ndekha!" Iye anangolemba.

Akuti ochotsedwa ndi amene akuwalemba tsopano, ofuna okha adikire, mwina osalandira n'komwe. Mastura amulemba. Kani Lachisanu lija abwana amandichitira chifundo. Bwanji osangonena poyera?

Lachitatu, 11 Okutobala
Matewera, tiyi wa alendo, matewera. Msana ngati si wanga.

Apongozi ake a Dilrabo, alendo ali pomwepo: "Nanga beshiki ifika liti? Kapena akuchikazi aiwala kuti kabedi kogwedeza kamachokera kwao?" Dilrabo anangoyang'ana pansi, makutu psuu. Akuchikaziwo ndi ine ndekha. M'chikwama muli ya basi yokha.

Lachinayi, 12 Okutobala
Kamwana kagwira chala changa osafuna kusiya. Kamphamvu!

Loweruka, 14 Okutobala
Mastura waimbanso: akuti ku holo ya maukwati ku Namangan akufuna wotsuka mbale, kuyamba Lolemba. Ndati bwanji osapita iweyo? "Ine? Ndine wochotsedwa wa boma, mayi, manja anga ali pa tchuthi." Chitsiru. Koma dzina langa wakalipereka ndi iyeyo.

Ndatopa ndisanayambe.

Lamulungu, 15 Okutobala
Ndamusambitsa mwana, ndamudzoza mafuta, ndamanga katundu. Dilrabo wanditsatira mpaka pakhomo, kutuluka saloledwa.

"Azakhali, chikuta sichinathe. Mukufunadi kupita?"

Funso lomwe lija la pazenera. Ulendo uno ndinangomukonza mpango, ndikuti, "Mwezi ukatha ndikutumizira ya beshiki. Uwauze apongozi akowo akasankhe okha, yopaka utoto."